Kiliniki yoyendayenda ya mmaesiteti kuno ku Mchinji, ine ndaipatsa nyenyezi 4 pa 5

Ndakhala ndikugwira ntchito ya fodya pa esiteti ina kuno ku Mchinji, kufupi ndi boda ya Mwami yolowera ku Zambia, nde ndati ndilembeko za kiliniki yomwe imatiyendera kamodzi pa mwezi, mwina anzathu a ku Kasungu ndi Mzimba mungatolepo kanthu. Kilinikiyi si ya munthu mmodzi ayi, anachita kugwirizana amfumu, komiti ya zaumoyo ya mmudzi, alangizi azaumoyo aja timati ma HSA, mipingo iwiri komanso ife antchito tinasankha anzathu oti azitiyankhulira. Eni esiteti anapereka chigafa chimodzi, mmenemo ndi momwe amaika tebulo nkupachika sikelo ya ana.

Chomwe chinandigwira mtima ndi ichi. Chaka ndi chaka nyengo yothyola ikafika ndinkamva mutu, chizungulire, nseru, kusanza, thukuta lili kamukamu, ine nkumangoti ndi malungo basi nkukagula mapilitsi pa okala. Tsiku lomwe ndinapita kukilinikiko anandibaya chala, kachipangizo kaja kanaonetsa mzere umodzi, malungo mulibe, koma mayi mlangiziyo sanangoti pitani mukamwe panado, anandikhazika pansi nkundifunsa kuti kodi bambo mmunda mumalowa nthawi yanji, ine ndati mmamawa mame asanaume. Nde anandifotokozera kuti tsamba la fodya likanyowa nikotini amalowa pakhungu mpaka mmagazi, munthu nkudwala ngati wasuta ndudu zambirimbiri olo sanasutepo chibadwire, ndipo ana ndi amene amavutika kwambiri poti thupi lawo ndi laling'ono. Zaka zonsezi palibe anandiuzapo zimenezi. Pano ndimavala malaya a manja aatali ndi pulasitiki kutsogoloku, ndikaweruka zonyowa ndimavula msanga nkusamba ndi sopo, ndipo mwana wanga kuchigafa kosokera sapondako. Chaka chino sindinagonepo nazo.

Chinanso chabwino ndi magulu a anzathu omwe ali pa ma ARV. Amakhala anthu osaposa 6, amasinthana, mmodzi amapita kuchipatala kukatengera onse, enawo sataya tsiku komanso ya kabaza amasonkherana. Nzeru imeneyi inayambira kwa anansi athu ku Tete mu 2008 ndi bungwe la madokotala la MSF, ndipo kwa munthu wolandira malipiro owerengera masiku ndi thandizo lalikulu zedi. Za kolera ija ya 2022 ndi 2023 nazonso anatiphunzitsa bwino, kuthira kolorini mmadzi akumwa ndi kusungunula Thanzi wina akatsegula mmimba.

Nyenyezi imodziyo ndachotsa chifukwa cha zinthu zomwe zimandipweteka mtima ndithu. Kuno malire ndi mzere chabe, anthu ndi amodzi, chilankhulo chimodzi, ku Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti timakakhala pamodzi kwa a Gawa Undi, koma mapepala akuchipatala ndiye sadziwana. Mayi akunyumba kwawo ndi mbali ya Chipata, sikelo ya mimba anayambira kumeneko, atabwera ndi khadi lawo kuno anawauza kuti mugule buku lathu tiyambirenso, zoyeza zonse kubwereza, iwo atatopa kale ndi pakati. Mkomiti muja mulibe munthu olo mmodzi wa tsidya linalo, nanga odwala awo ndi athu si omwewo?

Komanso chigafa chilibe chinsinsi, nsalu imodzi yotchinga basi, mawu amamveka panja, nde abambo ambiri safuna kuyezetsa magazi pamenepo kuopa kuti mawa nkhani ikhala ili mmunda monse. Mvula ikachuluka galimoto siifika, ndipo ndi nthawi yomweyo malungo avuta, mwezi wina anabwera mankhwala a malungo a LA atatha. Ndipo akapitawo ena amadulabe tsiku ukakhalitsa pamzere, pomwe pamsonkhano anavomera okha pamaso pa amfumu kuti tsiku la kiliniki sadzadula.

Tapempha kuti pa msonkhano ukubwerawu aitane mlangizi wa mbali ya Zambia, komanso timange kachipinda ka njerwa kokhala ndi chitseko, njerwazo tiumba tokha fodya akangopita ku okushoni. Amene muli pafupi mukamabwera musaiwale buku lanu lakuchipatala ndi la mwana, ndipo muzilawira chifukwa dzuwa likangopendeka amayamba kulongedza.