Khadi ya Intel AX200 mu laputopu yakale: mmene yakhalira kuchokera dzinja lija

Amene mwakhala mukufunsa ngati kusintha khadi ya Wi-Fi kunathandizadi, yankho ndi eya, koma osati pa zonse. Ndinaika Intel AX200 mvula ili mkati, pano tafika nyengo yotentha, ndipo sinadukepo yokha ngati mmene inkachitira yakale ija.

Vuto linali lotere: foni ndi laputopu pa tebulo limodzi, rauta imodzi, foni ikusewera kanema bwinobwino koma laputopu ikungozungulira. Zikatero musathamangire kunyoza a netiweki. Ndikalemba netsh wlan show interfaces mu Command Prompt ya Windows, pa receive rate (liwiro limene khadi ikulandirira kuchokera ku rauta) pankaoneka 72 Mbps, omwe ndi malire a khadi ya eriyo imodzi pa 2.4 GHz tchanelo ikakhala ya 20 MHz. Magetsi akangothima, laputopu n'kutsala pa batire, nambalayo inkagwa koopsa.

Mbali ya batireyi inatheka popanda kulipira tambala, ndipo ndikupempha muyambire pano. Mu Power Options, pa Wireless Adapter Settings, ikani Maximum Performance ngakhale pa batire. Mu Device Manager, pa khadiyo, chotsani chizindikiro chololeza kompyuta kuithimitsa posunga moto. Ngati liwiro linatsika driver (pulogalamu yoyendetsa khadiyo) atangosinthidwa, dinani Roll Back Driver. Batire imatha msangako pang'ono, koma kwa ife amene timagwira ntchito magetsi atapita, ndi bwino zimenezo kusiyana n'kudukiridwa msonkhano uli pakati.

Chotsalacho chinali khadi yeniyeniyo. AX200 imalowa pa malo olumikizira otchedwa M.2 2230 mkati mwa laputopu ndipo imafuna mawaya awiri a eriyo. Laputopu yanga inali ndi waya umodzi wokha, moti ndinagula wachiwiri n'kuumata mkati pansi pa pulasitiki, kutali ndi chitsulo. Timitu ta mawayawo n'tating'ono ngati njere ya mawere. Ikani molunjika, dinikizani ndi chikhadabo mpaka timve kuti tagwira. Wogulitsa akakupatsani AX201 n'kunena kuti n'chimodzimodzi, kanani. Imeneyo ndi ya mtundu wina wotchedwa CNVi, imagwira pa makompyuta ena a Intel okha. Fufuzaninso ngati BIOS yanu (pulogalamu imene imayamba kugwira ntchito kompyuta ikangoyatsidwa) imalola khadi yachilendo, chifukwa malaputopu ena akale amakana.

Pa 5 GHz (mafunde ena a Wi-Fi, osiyana ndi a 2.4 GHz), ndili chipinda chimodzi ndi rauta, tsopano ndimaona 866 Mbps. Chimene chandisangalatsa kwambiri ndi mahedifoni a Bluetooth: kale ndikawalumikiza intaneti inkafooka, poti zonse zinkalimbirana 2.4 GHz. Ngakhale hard drive ya USB 3.0, yomwe imasokoneza 2.4 GHz ikakhala pafupi ndi eriyo, sikundivutitsanso.

Zomwe khadi singakonze zilipo. Madzulo anthu akachuluka pa 4G liwiro limatsikabe, chifukwa 866 uja ndi wa pakati pa laputopu ndi rauta basi. Makoma a njerwa amadya 5 GHz, moti kuchipinda chogona ndimabwerera pa 2.4. Ndipo ngati rauta kapena MiFi yanu ili ya 2.4 GHz yokha, phindu lake likhala lochepa. Yambani mwaona zimenezo musanatulutse ndalama.

Driver wa Wi-Fi ndi wa Bluetooth ndi osiyana. Tsitsani onse awiri pa webusaiti ya Intel musanatsegule laputopu, muwasunge pa fulashi.