Kutumiza giyabokosi ya hot rod kuno ku America: positi ofesi, UPS, FedEx kapena paleti?

Amalawi amene tili kuno ku Indiana tikakumana, nkhani yotumiza zinthu imakhala ya kumudzi: ndalama ya fizi, ya feteleza, foni ya mayi. Lero ndikambako za katundu woyenda mkati mwa America mommuno, chifukwa anzathu ena alowa ntchito m'magalaja, ndipo bwana akangodziwa kuti kwanu unaphunzirira galimoto ya manyuwalo, sachedwa kukukankhira ku magiyabokosi akale. Ine ndili pa galaja yomanga ma hot rod, ndipo kugula, kulandira ndi kutumiza zitsulo zimenezi ndi mbali yanga. Abale anga, musanasankhe kampani yotumizira, yambani mwadziwa kuti giyabokosiyo ndi ya chaka chanji. Chaka n'chimene chimakuuzani kulemera kwake, pamene imathyokera, komanso ngati ina ingapezekenso iyi ikaphwanyika panjira.

Hot rod ndi galimoto yakale, kawirikawiri Ford ya m'ma 1920 kapena 1930, imene anyamata a ku California ankaichotsa zolemera zonse n'kuikamo injini yaukali kuti akathamangitsane pa nyanja zouma za m'chipululu, ku Muroc ndi ku El Mirage. Makasitomala athu ambiri sakhutira ndi galimoto yongoyenda. Amasankha chaka, kaya 1948 kaya 1964, ndipo chilichonse chomangidwa pa galimotoyo chiyenera kukhala chimene mnyamata wa nthawi imeneyo akanatha kuchipeza. Giyabokosi ya T5 ya magiya asanu ya m'ma 1980 imayenda bwino pa msewu wa lero, koma munthu wotereyu saifuna ngakhale mutam'patsa ulele. Ndiye timasaka zakale, ndipo zakalezo zimapezeka m'nkhokwe ya mlimi ku Kansas kapena m'galaja ya mkulu wina ku Oregon, kutali kwambiri ndi ife.

Ford Model A ya 1928 mpaka 1931 inali ndi magiya atatu opanda sinkulo (synchromesh), kachipangizo kamene kamafananitsa liwiro la magiya kuti alowane osakukuta. Posintha giya umaponda kilachi kawiri, monga ankachitira madalaivala a malole akale aja kwathu, apo ayi mano a giya amakukuta mpaka anthu kucheuka. Cadillac ndiyo inabweretsa synchromesh mu 1928, nzeru ya Earl Thompson, ndipo Ford inaika pa giya yachiwiri ndi yachitatu mu 1932, chaka chomwe inatulutsa injini yake ya V8 ya flathead. Pa magiyabokosi onse a Ford a nthawiyo, omanga ma hot rod amalirira ya 1939. Sinkulo yake inali itakonzedwa bwino, ndipo chinali chaka chomaliza ndodo ya giya kukhala pansi, pakati pa mipando; mu 1940 anaisamutsira pa chiwongolero. Anyamata aja ankatsegula bokosi la 1939 n'kulowetsamo magiya a galimoto ya Lincoln-Zephyr, amene amalola galimoto kuthamanga mtunda wautali pa giya yoyamba ndi yachiwiri usanasinthe.

Apa m'pamene positi ofesi, USPS, imandikomera. Magiya a Zephyr, mphete za sinkulo, mafoloko osinthira, zonsezi n'zazing'ono koma zolemera, ndipo bokosi lawo la Priority Mail Flat Rate umalipira mtengo umodzi posatengera kulemera, bola zikwane m'bokosi ndipo zisapyole mapaundi 70, amene ndi pafupifupi makilogalamu 32. Kwa chitsulo palibe wina amene amawaposa pamenepa. Kungoti katoni yawo ndi yopyapyala. Giya iliyonse ndimaipaka girizi, kuikulunga payokha m'nsalu, n'kudzaza mipata yonse mpaka ndikagwedeza bokosi pasamveke kanthu, kenako tepi mbali zonse. Dzino limodzi la giya ya Zephyr likabenthuka, seti yonse yatha ntchito. Giyabokosi yathunthu ya 1939 ndi yaifupi, yachitsulo chokhaokha, munthu mmodzi amainyamula, koma ndodo yake ndi yaitali ndipo ndiyo imapindika. Muuzeni wogulitsa amasule chivundikiro cha pamwamba pamodzi ndi ndodoyo, azitumize pazokha.

Injini zitakula mphamvu, makamaka Oldsmobile Rocket ndi Cadillac V8 za 1949, bokosi la Ford linayamba kuthyoka mano. Anyamata anatembenukira ku giyabokosi ya Cadillac ndi LaSalle, imene inali ya magiya atatu koma yolimba kwambiri. Ya 1937 ndiyo yosowa, pakuti ndodo yake ili pansi, pomwe kuyambira 1938 inapita pa chiwongolero. Mukaipeza yotereyi, musaumire ndalama ya thiransipoti.

Magiya anayi anabwera mu 1957 ku Chevrolet Corvette, pamene inalandira giyabokosi ya T-10 ya kampani ya Borg-Warner. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti mbiri imeneyi ili pakhomo pathu penipeni. Fakitale ya Borg-Warner yopanga magiya inali ku Muncie, muno mu Indiana, ndipo General Motors nayo inali ndi yake m'tauni yomweyo. Kuyambira 1963 mpaka 1974 inkapanga giyabokosi imene aliyense amangoitchula kuti Muncie: M20, M21 ya magiya oyandikana, ndi M22 imene anaipatsa dzina loti Rock Crusher chifukwa cha kulira kwa mano ake, amene anadulidwa mosapendeka kwambiri kuti apirire mpikisano. Anzanga a ku South Bend, mafakitale akale a Studebaker amene mumawadutsa aja anatseka mu 1963, ndipo nawo ankaika magiyabokosi a Borg-Warner m'galimoto zawo.

Muncie ndiyo ndimatumiza kawirikawiri, ndipo ndiyo yofuna kusamala koposa zonse. Chikopa chake ndi cha aluminiyamu, choncho ndi yopepukirapo, mapaundi 70 ndi kakuti. Ku positi ofesi yapyola kale malire mukaiika m'bokosi. Otsala ndi UPS Ground ndi FedEx Ground, amene onse awiri amalandira phukusi mpaka mapaundi 150, kapena kuti makilogalamu 68, ngakhale likapyola mapaundi 50 amawonjezera ndalama ina. Kuthamanga amathamanga, ndipo nambala yolondolera katundu imakuuza pamene wafika tsiku ndi tsiku. Kwa ine awiriwa sasiyana kwenikweni. Ndimafunsa mtengo uku ndi uku n'kutenga wotsika. Chofunika kumvetsa n'chakuti phukusi la m'makampani otere limayenda pa malamba a makina, limagwera pa linzake, ndipo katoni yolemera chonchi palibe amene amainyamula ngati khanda.

Kutsogolo kwa Muncie kuli makutu anayi, mmene mumalowa mabawuti omangira ku injini. Makutu amenewa ndiwo amayamba kuthyoka bokosi likagwera pakona. Chachiwiri ndi shafuti yakutsogolo, imene imaboola katoni n'kutulukira kunja. Ine ndimadula thabwa lokhuthala, kuliboola pakati kuti shafuti idutse, n'kumangirira makutu onse anayi ndi mabawuti. Shafutiyo ndimaiveka paipi ya pulasitiki. Kumbuyo ndimatseka ndi pulagi. Oyilo ndimayamba ndamukhutula dzulo lake n'kusiya giyabokosi itapendekeka usiku wonse, chifukwa oyilo wa magiya ndi wonunkha ndipo phukusi lodontha amaliimitsa panjira. Zikatero ndimaikulunga m'majumbo awiri n'kuiika m'chibokosi cha pulasitiki cholimba kapena cha matabwa, osati katoni imodzi.

Chaka chatha tinalandira M21 imene wogulitsa anangoiponya m'katoni ndi manyuzi. Inafika khutu limodzi lili lokha pansi pa bokosi. Kampani imene inanyamula inakana kulipira, inati katunduyo sanapakiridwe moyenera, ndipo kunena zoona sanalakwe. Khutu tinaliwotcherera, galimoto ikuyenda, koma mwini wake ankafuna chikopa chosakhudzidwa cha chaka chofanana ndi galimoto yake, ndipo nkhope yake tsiku limenelo inandimvetsa chisoni. Dziwani kuti UPS ndi FedEx amangoteteza madola 100 oyamba ngati simunalembetse mtengo weniweni wa katundu n'kulipirira. Lembetsani, jambulani zithunzi popakira, sungani risiti. Komabe ndalama ikabwezedwa sikuti Muncie ina yabadwa. Fakitale ija kulibenso.

Za magiyabokosi a Ford Toploader ndi A833 ya Chrysler, zonse zoyamba mu 1964, nkhani ndi ina. Izi kawirikawiri ndi zachitsulo, zolimba zedi, ndipo zambiri zimafika kapena kupyola mapaundi 100. Pa pepala zimakwana malire a 150, koma ine sindizitumiza ngati phukusi wamba. Kulemera kotereku kumang'amba bokosi lokha. Ndimaimangirira pa paleti ndi malamba n'kuitumiza pa malole a katundu wophatikiza, amene kuno amati LTL. Paleti imanyamulidwa ndi folokolifiti, siponyedwa. Kuipa kwake ndi ndalama zobisika. Akakubweretserani kunyumba m'malo mwa pa bizinesi, mtengo umakwera. Lole ikafunika chitseko chotsitsira katundu, umakweranso. Njira yabwino n'kupempha kuti paleti itsikire pa depoti yawo, inu mukatenge ndi pikapu. Ndipo musasayine pepala la dalaivala musanang'ambe pulasitiki n'kuona katunduyo ndi maso. Chimene chawonongeka chilembeni papepala pomwepo iye ali chiimire, chifukwa mukasayina kuti zafika bwino, mawa mulibe polirira.

Pali njira ina imene anthu a galimoto zakale amaikonda: Fastenal, sitolo yogulitsa mabawuti ija, imanyamula mapaleti pa malole ake kuchoka pa nthambi ina kupita pa ina. Mtengo wake nthawi zambiri umakhala wofewa. Muyenera kukhala wodekha, pakuti paleti imadikira lole yokhala ndi malo, ndipo si nthambi zonse zimene zimalandira, choncho imbani kaye. Ngati kasitomala sali pa changu, Toploader yanga imadzera kumeneko. Achikulire ena adzakuuzani za basi ya Greyhound, koma iwo anasiya kunyamula maphukusi mu 2022.

Tsono za kalipiridwe, pakuti apa m'pamene ife obwera timapwetekera. Tinazolowera kutumiza ndalama kwa abale amene timawadziwa, ndiye munthu wa pa Facebook Marketplace akati mutumize pa Zelle, njira yotumizira ndalama pafoni kudzera ku banki, timangodina. Zelle ndi yabwino polipira mnzako wa lendi, koma siteteza wogula. Ndalama ikapita yapita. Pa PayPal sankhani Goods and Services, osati Friends and Family, ngakhale wogulitsa atapempha kuti muwonjezere kandalama kochepa ka fizi. Nkhalamba zambiri zimene zili ndi katundu wabwino sizifuna za pafoni, zimati mutumize money order ya ku positi ofesi, imene imodzi imafika madola 1,000. Zoterozo ndimavomera pokhapokha nditayankhula naye munthuyo pafoni nthawi yokwanira, iye n'kunditumizira chithunzi cha giyabokosi pambali pake pali kapepala kolembedwa tsiku la lero.

Zithunzizo zikhale za manambala. Chikopa cha Muncie chili ndi nambala yotukuka pambali, ndipo 3851325 ndi ya 1964 ndi 1965, pomwe 3925661 ndi ya m'ma 1970. Ngati galimoto ikumangidwa ngati ya 1964, yachiwiriyo siloledwa kaya ikhale yabwino chotani. Muwerengenso mano a shafuti yakutsogolo, chifukwa zoyambirira zili ndi 10, zamtsogolo 26, ndipo kilachi iyenera kugwirizana nawo. M22 ndiyo anthu amanamizira kwambiri popeza ndi yodula. Muuzeni atsegule chivundikiro cha pambali ajambule magiya enieniwo, muone kapendekedwe ka mano ake.

Giyabokosi ikakhala yosowa ngati LaSalle ya 1937 kapena M22 yeniyeni, ndipo ili mu Ohio, Michigan kapena Illinois, ine sinditumitsa n'komwe. Ndimapempha pikapu ya pa galaja Loweruka, kuika tayala lakutha kumbuyo loti ikhalepo, n'kupita ndekha. Ndikafika ndimazungulitsa shafuti ndi dzanja, kulowetsa giya iliyonse mpaka rivesi, kuyang'ana makutu onse ngati sanawotchereredwe, ndipo ndalama ndimapereka pambuyo pake. Ogulitsa ena akutali amavomeranso kubwera nayo ku msika waukulu wa zida zakale umene umachitika ku Hershey, Pennsylvania, mwezi wa October chaka chilichonse, ndiye ngati kasitomala angadikire mpaka nthawi imeneyo, afunseni.