Hita ya m'galaja nyengo yachisanu: yoyenera ndalama zanu ndi iti?

Juni akamayandikira, masitolo a mu Chipata amadzaza ndi mahita. Ambiri mwa iwo anapangidwira chipinda chogona, osati galaja. Galaja zathu zambiri, kaya ku Kapata kaya ku Kalongwezi, n'zofolera malata, zopanda siling'i, ndipo pansi pa chitseko pamakhala mpata woti dzanja n'kulowa. Mpweya ukatentha umakwera kudenga, malata n'kutayira kutenthako kunja. M'malo otere musavutike kutenthetsa chipinda chonse. Tenthetsani munthu amene akugwira ntchito.

N'chifukwa chake hita ya machubu ofiira, imene ogulitsa amaitcha quartz kapena infrared, ndiyo ndikuiika patsogolo. Kutentha kwake kumafika pathupi ngati dzuwa la m'mawa, ndipo mumakumva mukangoyatsa, ngakhale chitseko chili chotsegula. Zambiri zimakhala ndi machubu awiri kapena atatu a mawati 400 chubu chilichonse, ndiye mutha kuyatsa chimodzi chokha kukakhala kuti sikunazizire kwambiri. Machubu atatu amadya mayuniti 1.2 pa ola. Sankhani yokhoma pakhoma, muikhome pafupifupi mamita awiri kuchokera pansi, iyang'ane pa benchi logwirirapo ntchito. Kukweza kumeneku si kwa maonekedwe ayi: nthunzi ya petulo ndi thina imalemera kuposa mpweya, imakhala pansi, ndipo chubu chofiira chikhoza kuiyatsa. Kuipa kwake n'kwakuti machubu sachedwa kusweka, komanso msana umazizirabe ngati hita ili kutsogolo kokha. Musanalipire funsani ngati machubu osinthira amapezeka.

Hita ya fani, nthawi zambiri ya mawati 2000, ndiyotchipa ndipo imatenthetsa msanga, koma imadya mayuniti awiri pa ola, ndipo mukangoizimitsa chisanu chimabwerera. Choipa kwambiri, imakoka fumbi ndi utuchi n'kuziunjika pa waya wotentha m'kati. Mukamva fungo la kupserera, ndi zimenezo. Kwa opala matabwa, iyi ayi.

Ya magetsi yokhala ndi mafuta m'kati, ija ya nthiti, ndi yabwino kuchipinda cha ana. M'galaja yopanda siling'i imachedwa, mudzamaliza ntchito isanakufunditseni.

Ya gasi ili ndi ubwino umodzi waukulu: imayaka ngakhale ZESCO itazimitsa magetsi. Ya mapanelo atatu imafika pa makilowati 4.2, ndipo silinda ya makilogalamu 9 imatha pafupifupi maola 30 mukaitsegula yonse. Gulani yokhala ndi kachipangizo kodzizimitsa yokha mpweya wabwino ukachepa, siyani windo lotsegula pang'ono, ndipo polumikizira paipi pakanipo thovu la sopo kuti muone ngati gasi akutuluka. Gasi akamayaka amatulutsanso chinyezi chimene chimagwa pa masipanala ozizira n'kuwachititsa dzimbiri. Ngati m'galajamo mumasunga petulo kapena penti, lawi lililonse lisalowemo.

Mbaula musaiganizire n'komwe. Makala amatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo umene umayamba ndi mutu ndi chizungulire, kenako kukomoka ndi imfa. Galaja ikakhala yolumikizana ndi nyumba, mpweyawo umadutsa pansi pa chitseko n'kufika kwa amene akugona.

Moto suyambira mu hita mokha, umathanso kuyambira pa waya. Hita ya mawati 2000 imakoka maampu pafupifupi 9 pa mavoti 230, pomwe pulagi ya mano atatu imalekezera pa maampu 13. Soketi imodzi, hita imodzi, musaphatikizepo galainda. Mukafuna waya wowonjezera, akhale wokhuthala 1.5 mm² kapena kuposa, ndipo mufunyulule yense, chifukwa wokulungidwa amatentha mpaka kusungunuka. Pakatha mphindi khumi gwirani pulagi: ikakhala yotentha, soketiyo yakhwepa, itanani wa magetsi. Pa sola yaing'ono ya pakhomo musalumikize hita. Batire ya mavoti 12 ndi 100Ah imasunga pafupifupi mayuniti 1.2 okha, hita ya fani imaimaliza ola lisanakwane.

Musanagule chilichonse, khomani chidutswa cha tayala lakale pansi pa chitseko, mutseke mipata ya pakati pa khoma ndi malata, ndipo pamene mumaima muyalepo thabwa kuti simenti isazizitse mapazi. Mukatero, chubu chimodzi kapena ziwiri zimakwanira m'mawa wa Julayi.