Praziquantel wa likodzo: amagwira ntchito koma kuwawa kwake eee

Amene mumakonda kusambira kunyanja ku Mangochi kapena ku Cape Maclear, mankhwala awa muwadziwe. Ine ndawapatsa nyenyezi 4 pa 5.

Likodzo limabwera ndi tinyongolotsi totuluka mu nkhono za m'madzi odekha makamaka m'mabango, timalowera pakhungu ukamasamba kapena kuchapa, sikuti mpaka umwe madziwo ayi. Mwana wa achemwali anga anayamba kukodza magazi, timadontho kumapeto kwa mkodzo, ku kiliniki anati mkodzo woyeza ukhale wa pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana poti mazira a tinyongolotsito amapezeka ambiri nthawi imeneyo.

Mlingo amatengera kulemera kwa munthu, 40mg pa kilo iliyonse, piritsi limodzi ndi 600mg nde munthu wa makilo 60 amamwa anayi. Osamangogula ku famase n'kumwa mongoganizira, kwerani kaye sikelo. Mapiritsi ake ndi akuluakulu komanso owawa koopsa, ukangoti utafune basi nseru yomweyo. Mwanayu tinamudyetsa kaye nsima koma chizungulire ndi kupotokola m'mimba zinamugwirabe mpaka madzulo, kutacha anadzuka bwinobwino ndipo magazi aja anasiya patapita masiku.

Nyenyezi imodziyo ndachotsa chifukwa sapha tinyongolotsi tikadali tating'ono, ukamwa utangochoka kunyanja wangotaya ndalama, pamafunika kudikira masabata 6 mpaka 8. Komanso sateteza, ukalowanso m'madzi omwewo likodzo limakugwiranso, n'chifukwa chake ana a m'mbali mwa nyanja amawamwetsa mobwerezabwereza kusukulu.