Filiji yogona itatha chaka ndi mwezi m'nyumba mwanga

Lachisanu lapitali ku banki m'khonde, titatseka bokosi, mayi wina amene timakhala naye mzere umodzi kuno ku Matawale anandikokera pambali. "Anachisale, tikagawana mu Disembala muno ndikufuna filiji ngati yanu ija. Mundiuze zoona, mwapindula nayo?" Pakamwa panga panalemera, chifukwa Lachiwiri la sabata yomweyo ndinali nditangopereka K52,000 kwa mmisiri chifukwa cha filiji yomweyo. Ndinawauza kuti adikire ndikaone kaye m'kope mwanga. Ndaona, ndipo ndati ndilembe pano kuti ena amene akusunga ndalama ndi maganizo omwewa amve nawo.

Ndinaigula mu Okutobala 2023 pa K385,000, ya malita 200, yotsekulira pamwamba, imene ena amati deep freezer. Ndalama zake zinali za chipereganyu cha kuntchito, bambo a kunyumba n'kuonjezerapo. Patangopita milungu itatu, pa 9 Novembala, kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Nditadutsa pashopupo sabata yotsatira ndinapeza inzake ya filiji yanga ataimata mtengo wina woti sindikanaufikira, ndipo ndinabwerera kunyumba ndikuthokoza Mulungu njira yonse.

M'nyumba mwathu timadya anthu asanu ndi mmodzi: ine, bambo, ana atatu ndi mwana wa achemwali anga amene akuphunzira ku yunivesite kuno ku Zomba. Chimene chinkandipweteka chinali kugula ndiwo za tsiku ndi tsiku. Madzulo aliwonse kutuma mwana pamsika wa pafupi, kamulu ka matemba, tomato atatu, anyezi mmodzi. Ndalama yotuluka pang'onopang'ono siimveka, umangozindikira pa 15 kuti m'chikwama mwayera. Ndipo mitengo ikakwera, ogulitsa kawirikawiri sasintha mtengo wa mulu. Amangouchepetsa. Mulu wa K500 umakhalabe wa K500, koma nsomba zimene zinali khumi zimasanduka zisanu ndi imodzi.

Zimene zili bwino pa filijiyi ndinene mwachidule. Siisokosera usiku ngakhale ili pabalaza. Loko wake ndi wolimba, ndipo kiyi amakhala ndi ine. Kabasiketi ka pamwamba kamakwana zinthu za sabata imodzi. Kabowo kotulutsira madzi pansi kamathandiza tsiku lotsuka. Magetsi akazima, ikakhala yodzaza ndipo palibe woitsekula, nyama imakhalabe gwa mpaka tsiku lachiwiri. Ndinagula padera fridge guard, kachipangizo koteteza filiji, chifukwa magetsi akamabwerera amabwera mwamphamvu, ndipo imeneyo sindinong'oneza nayo bondo.

Miyezi inayi yoyamba zinthu zinayenda monga ndinkafunira. Tinagwirizana mabanja anayi n'kugula mbuzi imodzi, kuipha n'kugawana, aliyense mwendo wake ndi zam'kati pang'ono. Bambo akapita cha ku Kachulu ku nyanja ya Chilwa amabwera ndi makumba ndi milamba yaiwisi, yotsika mtengo kusiyana ndi imene yadutsa kale m'manja mwa anthu atatu isanafike pamsika wa Mpondabwino. Nyemba ndimaphika mphika waukulu kamodzi, n'kuzigawa m'timabigiri ta majalini tinayi. Amene amaphikira pambaula akudziwa makala amene nyemba zimadya. Thumba la makala limene linkatha pa milungu itatu linayamba kufika mwezi. Nandolo wamuwisi wa mu Julayi ndinasenda ndowa yathunthu, ndipo tikudyabe mpaka pano. Tomato ndiye anandidabwitsa kwambiri. Nthawi ya chilimwe, wa kudimba akachuluka, ndimagula beseni lonse, kumutsuka n'kumuika wathunthu m'majumbo. Akaundana ukangomuthira madzi khungu limasupuka lokha. Mu Febuluwale, tomato atasowa pamsika ndipo anzanga akugula atatu ang'onoang'ono pa K500, ine ndinkangotsekula filiji.

Chinthu chimodzi ndinachiphunzira msanga: nyama ikakhala m'nyumba imadyedwa. Mwezi woyamba nyama ya mbuzi yoti tidye milungu inayi inatha pa masiku khumi ndi awiri, chifukwa aliyense wophika ankatapa mmene mtima wake wafunira. Kuyambira pamenepo ndimamanga timajumbo ta chakudya chimodzichimodzi, n'kulemba m'kope tingati talowa ndi tingati tatuluka. Popanda zimenezi filiji ikanangotisandutsa anthu odya nyama tsiku lililonse.

Vuto linayamba mu Malichi. Ndinaona kuti kukona ya kumanzere chakumbuyo kwayamba kumera ayisi woyera ngati ufa, pomwe mbali zina zonse zinali bwinobwino. Ndinkamupala Loweruka, pofika Lachitatu wabwerera, wokhuthala ngati chikhatho. Kenako ndinazindikira kuti injini siikupuma. Kale inkalira kanthawi n'kukhala chete, koma tsopano ndikadzuka pakati pa usiku ndinkaipeza ikung'ung'udzabe, ndipo m'mbali mwake munkatentha moti sungagwire nthawi yaitali.

Mita ndi imene inandiuza zoona. Ife timaphikira makala, choncho magetsi athu ndi a mababu, TV, kusita ndi kutchaja mafoni basi. Filiji isanabwere tinkatha mayunitsi pafupifupi 90 pamwezi. Itabwera anafika cha m'ma 125, ndipo ndinali nditakonzekera zimenezo. Mu Epulo tinatha 168. Poyamba ndinakalipira ana kuti akusiya ayironi yoyaka. Usiku wina ndinazimitsa chilichonse m'nyumba kupatula filiji, n'kulemba manambala a pamita 9 koloko usiku, kenako 5 koloko m'mawa. M'maola asanu ndi atatu amenewo, wopanda munthu woitsekula, inali itadya pafupifupi yunitsi yathunthu. Ndinapepesa ana.

Mwana wa achemwali uja ndi amene anandionetsa poyambira. Anatenga K50 yapepala, kuiika pamlomo pa filiji, kutseka chivundikiro n'kukoka. Kutsogolo inkakana kutuluka. Kumanja chimodzimodzi. Atafika pakona ija ndalama inangosololoka ngati palibe chaigwira. Labala wozungulira chivundikiro sankagunda pamenepo. Mpweya wotentha wa m'nyumba unkalowa usana ndi usiku, chinyontho chake n'kumaundana m'kati, ndipo injini inkalimbana ndi kutentha kosatha. Kuno ku Zomba nthawi ya mvula mpweya umakhala wonyowa kwambiri, ndiye ayisi ankangokula.

Lisiti ndinali nalo, ndipo linalembedwa kuti galanti ndi ya miyezi 12. Ndinapita kushopu kuja ndi mtima wabwino, chifukwa tsiku logula anandilandira bwino, mpaka kundipezera galimoto yonyamula. Bwana wake anamvetsera, n'kunena kuti, "Mayi, musadandaule, mmisiri wathu amachokera ku Limbe, akabwera Lachinayi tidzamutuma kwanu." Ndinapempha kuntchito kuti ndiweruke msanga Lachinayi limenelo. Sanabwere. Ndinaimba foni, akuti galimoto yavuta. Lachinayi linalo akuti ali kumaliro. Maliro sitikana, ndinadikira. Anafika sabata yachisanu, mnyamata waulemu ndithu, ndi kachikwama kakang'ono. Anathira madzi otentha palabalapo, kumukoka ndi zala, kupaka mafuta odzola, n'kunena kuti zatheka. K50 ija inagwiradi. Ndinamupatsa ya thiransipoti ngakhale sanapemphe.

Zinatheka kwa masiku khumi ndi awiri. Ayisi anabwerera pamalo omwewo.

Ulendo wachiwiri mawu anasintha. Bwana uja anandifunsa ngati ana sakhalira pachivundikiro. Ndinati ayi. Anafunsa ngati sinagwe ponyamula. Ndinawakumbutsa kuti galimoto ndi anyamata onyamula anali awo. Pamenepo anati labala watsopano aitanitsa, koma katundu akuvuta kulowa chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja. Zimenezo ndinazimvetsa, pakuti tonse tinaona mmene zinthu zinkasowera m'mashopu, ngakhale shuga amene amapangidwa konkuno tinkamufolera pamzere chaka chimenechi. Koma kumvetsa sikunandigulire mayunitsi. Kuyambira Meyi mpaka Seputembala ndinapitako kasanu ndi kamodzi, ulendo uliwonse kabaza wopita ndi wobwerera, ndipo mauthenga a pa WhatsApp ankangowerengedwa osayankhidwa. Pakadali pamenepo ndinkasanjika thumba la mpunga wa makilogalamu 25 pakona ija kuti chivundikiro chikanikizike. Zinkathandiza pang'ono. Koma taganizani, m'mawa uliwonse kutsitsa thumba kuti utenge kajumbo ka nyemba, n'kulikwezanso.

Miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi inandinyenga, mayunitsi anatsikako ndipo mtima unakhala pansi. Dzuwa la Okutobala litafika zinthu zinaipiratu. Tsiku lina magetsi anazima kuyambira m'bandakucha mpaka usiku, ndipo filiji imene kale inkapirira masiku awiri inayamba kusungunula za pamwamba pofika madzulo. Nkhuku ziwiri ndinaziphika usiku womwewo, milamba ndinaiwamba pawaya mpaka 11 koloko. Makumba a m'kabasiketi ananunkha ndipo ndinawataya. Ndinakhala pakhonde ndikununkha utsi, misozi ikulengeza. Usiku umenewo munthu akanabwera ndi theka la ndalama zimene ndinagulira, ndikanamuthandiza kuikweza pagalimoto.

M'mawa mwake ndinapita kushopu. Bwana anatenga lisiti, kuyang'ana deti, n'kunena modekha kuti galanti inatha masiku asanu ndi anayi apitawo. Ndinawaonetsa mauthenga a mu Epulo. Anati aona chimene angachite.

Mmisiri amene anaikonza ndi bambo wina wachikulire wa ku Chinamwali, amene anzanga akuntchito anandilozera. Iye sanayambe ndi labala. Anagwada kumbuyo, kuyang'ana mahinjesi, n'kundiitana. "Mayi, taonani apa. Iyi ndi yopindika, chivundikiro chakhala chopendekera kuyambira kale. Labala anayesetsa kutseka mpaka anatopa." Anaimasula, kuiwongola, kuikapo kawashala, ndipo labala watsopano anakamupeza ku Limbe pa masiku atatu okha. Labala K34,000, ntchito ndi ulendo K18,000. Labala yemweyo amene ena anandidikiritsa miyezi isanu. Anandilangizanso kuti ndiisunthe kuchoka kukhoma mpata wokwana chikhatho ndi theka kuti injini izipuma, komanso kuti ikakhala yosadzaza ndiziikamo mabotolo a madzi, chifukwa madzi oundana amasunga kuzizira magetsi akazima. Ndinabwereza kuyesa kwa usiku kuja: maola asanu ndi atatu, yosakwana theka la yunitsi, m'nyengo yotentha ino.

Tsono kope likuti chiyani? Ndalama ya ndiwo imene ndinkatulutsa pamwezi filiji isanabwere ndi imene ndikutulutsa lero n'zofanana pafupifupi, pomwe mitengo pamsika yakwera kangapo m'chaka chimenechi. Chimanga chokha, mvula itadula ndi El Niño mpaka boma kulengeza mu Malichi 2024 kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, chinatidyera gawo lalikulu la malipiro. Kuti ndiwo zisakwere nawo, kwa ine n'chinthu chachikulu, ndipo sindikanakwanitsa popanda filijiyi. Mafirizesi a malambe amene ana amagulitsa pageti akaweruka kusukulu amabweza mayunitsi a filiji ikakhala yabwinobwino. Koma ndikaphatikiza mayunitsi owonjezera a miyezi isanu ndi iwiri, makabaza, nsomba zotayidwa ndi K52,000 ija, phindu la chaka choyamba latsala lochepa kwambiri. Ndikaitsekula m'mawa n'kuona timajumbo tili ndandanda mpaka kumapeto kwa mwezi, ndimaikonda. Ndikadutsa pakhomo pa shopu ija, mtima umawawanso.

Mayi a ku banki m'khonde aja ndinawayankha dzulo. Ndinawauza kuti ngati akagula adzatsala opanda ndalama yoti adzazemo, adikire kaye, chifukwa filiji yopanda kanthu imangodya magetsi. Ngati yodzazira ilipo, agule, koma osati kumene ndinagula ine. Ndawalonjeza kuti tidzapitira limodzi, K50 yapepala ili m'manja, tidzayese makona onse anayi m'shopu momwemo ndiponso ikatsitsidwa pakhomo pawo, oyendetsa galimoto asanachoke. Ndipo vuto lililonse likaoneka, akalembetse kuseri kwa lisiti ndi deti ndi siginecha ya mwini shopu, asamangodalira foni monga ndinachitira ine.

Labala wakale ndi lisiti la mmisiri wa ku Chinamwali ndinapita nazo kushopu Lachitatu. Bwana anazitembenuza kawiri, n'kunena kuti andibwezera K20,000 pa mtengo wa labala, ndibwere Lolemba. Ndapempha kale kuntchito kuti ndidzatuluke 3 koloko.