Kosi ya Communication Skills ija, nditaiyesa pa ntchito miyezi ingapo

Aliyense amene wadutsa kukoleji kuno ku Malawi amaidziwa kosi imeneyi. Imabwera chaka choyamba, kaya ukuchita zaulimi, zamagetsi kapena akaunti, ndipo ambiri timaiderera. Timati Chingerezi tinakhoza kale pa MSCE, popanda credit yake sakanatisankha n'komwe, ndiye atiphunzitsanso chiyani? Nditangomaliza sukulu ndinalemba kuti ndi kosi yapakatikati, yosapweteka komanso yosathandiza kwenikweni. Pano ndatha miyezi ndithu ndili pa ntchito m'bungwe lina lothandiza alimi m'chigawo chapakati, ndiye ndikuiona ndi maso ena.

Chimene chandipindulira koposa ndi kufupikitsa nkhani. Aphunzitsi athu ankatipatsa masamba atatu kuti tiwabweze m'ndime imodzi, ndipo cholembera chawo chofiira chinkadula mawu onse odzikometsera. Tinkang'ung'udza. Koma abwana anga malipoti amawerengera pafoni, nthawi zambiri ali m'galimoto, ndipo ndime yoyamba ikapanda kunena vuto, ndalama zofunika ndi tsiku lomaliza, yankho silibwera. Mnzanga wina analemba lipoti la ulendo wakumudzi loyamba ndi nthawi yomwe ananyamuka, kuipa kwa msewu, anthu amene anawalandira, kenako patsamba lachitatu m'pamene anatchula kuti ntchemberezandonda zagwa m'minda ya chimanga. Lipotilo linagona pa desiki, mbozi zikudya. Munthuyo ulimi amaudziwa kundiposa kutalitali, koma amene amaitanidwa kukafotokoza kwa akuluakulu ndine.

Maminitsi nawonso. Pa ofesi iliyonse cholembera chimapatsidwa kwa wamng'ono, ndipo ambiri amalemba zonse zimene zayankhulidwa ngati akujambula mlandu. Ife anatiphunzitsa kulemba chimene chagwirizanidwa, amene achite, ndi tsiku loti achite. Chifukwa cha kaluso kameneka ndakhala m'misonkhano yomwe mwa udindo wanga sindikanalowamo, ndipo za bajeti ndaziphunzirira kumeneko.

Za kalata yofunsira ntchito ndi CV zinathandiza, koma zinali zotsalira. Tinataya nthawi pa kaikidwe ka makeyala awiri ngati kalatayo ipita ku positi, pomwe masiku ano mabungwe ambiri amafuna imelo ndi PDF. Palibe anatiuza za mutu wa imelo, kapena kuti fayilo uitchule dzina lako. Kuyankhula pamaso pa kalasi kunandichotsa mantha pa intavyu, zimenezo sindingakane. APA, njira ija yolembera magwero a mabuku amene wagwiritsa ntchito, tinakhala nayo masabata, ndipo chichokereni sindinaigwirepo. Chojambula chija cha wotumiza uthenga, wolandira ndi phokoso chinathera m'chipinda cha mayeso.

Pamene kosiyi inandisiya pamtetete ndi pa Chichewa. Theka la ntchito yanga ndi misonkhano ya makomiti a chitukuko a m'midzi (VDC) ndi a m'dera la gogo chalo (ADC), pabwalo la sukulu kapena pansi pa mtengo, pali mafumu, azibusa, amayi a m'magulu a banki m'khonde ndi achinyamata. Kumeneko suyamba ndi mfundo ngati mmene umachitira polembera abwana. Umayamba ndi kulonjera mwa dongosolo lake, gogo chalo ngati alipo, magulupu, nyakwawa, kenako ena onse, ndipo ukadumpha mmodzi zimene unene pambuyo pake zimagwera pamwala. Umafunika kudziwa kuti amayi akangoti "zikomo, tamva" nthawi zina sanavomere, ndipo funso lenileni adzakufunsa msonkhano utatha, uli pa njinga yamoto. Ndaona alangizi a zaulimi, ena a diploma ya ku koleji ya zaulimi ya Natural Resources College (NRC), akufotokoza za kubzala chimanga mbewu imodzi paphando mpaka agogo n'kuyamba kutsutsana okha za kutalikirana kwa mizere. Ife a digiri tikaimirira timasakaniza Chingerezi mu chiganizo chilichonse, anthu n'kumangoyang'ana pansi mwaulemu.

Sizodabwitsa kwenikweni. M'badwo wathu kuyambira sitandade 5 maphunziro onse tinachita m'Chingerezi, Chichewa n'kutsala phunziro limodzi pa ndandanda. Kosi yotchedwa ya kulumikizana imangopitiriza njira yomweyo, ngati kuti onse amene tidzayankhule nawo ali m'maofesi a ku Capital Hill. Chonsecho ntchito yeniyeni ndi kumva madandaulo m'Chichewa masana, madzulo n'kuwalemba m'Chingerezi kwa opereka thandizo popanda kuwasungunula. Ndikanakhala wokonza silabasi, masabata a APA ndikanawadula pakati, ophunzira n'kuwatumiza kukakhala pamsonkhano umodzi wa ADC, abwereko ndi maminitsi m'zinenero zonse ziwiri. Ndikanaikamonso kajambulidwe ka uthenga wamawu wa pa WhatsApp, poti alimi otsogola ambiri amene ndimagwira nawo ntchito amakonda kumvera kusiyana ndi kuwerenga, ndipo uthenga ukatalika bandulo yawo imatha usanafike pa tsiku la msonkhano.