Mmisiri wa ku Ulongwe amene anandikonzera zipangizo zakale zophunzitsira asilikali

Ndine mphunzitsi wa mbiri yakale kuno ku Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ndipo kwa zaka zingapo ndakhala ndikusonkhanitsa zinthu zimene asilikali ankaphunzirira asanapatsidwe mfuti yeniyeni, monga mfuti zamtengo zogubira, ziwalo za mfuti zosemedwa mokulitsa ndi zithunzi zopachika pakhoma. Palibe n'chimodzi chomwe chimene chingaombe. Ndimazisunga chifukwa ana amene ndimawaphunzitsa anabadwa nkhondo yapachiweniweni itatha kale mu 1992, ndipo amamvetsa msanga akagwira chinthu ndi manja kusiyana ndi pamene akungokopera za pabolodi.

Dzinja lapitali chinyezi ndi chiswe zinandiwonongera zinthu zitatu, choncho ndinapita nazo kwa mmisiri wina wa matabwa amene amagwirira ntchito m'shedi ya malata kufupi ndi msika wa Ulongwe. Ndisanamasule thumba, anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi mulibe chachitsulo chotola kumunda m'menemo?" Anafotokoza kuti chinthu chotero, poti chikhoza kukhala bomba lotsala pa nkhondo, sachilola kulowa m'shedi yake, ndipo amauza wobwera nachoyo kuti akadziwitse apolisi. Funso limenelo linandikhazika mtima pansi, pakuti linasonyeza kuti ndafika kwa munthu wodziwa kumene dera lathu lachokera.

Ntchito imene ndikufuna kuiyamikira kwambiri ndi ya chifanizo chamtengo cha mkati mwa mfuti ya G3, chimene ndinagula ku Moatize kwa banja la msilikali wakale. G3 ndiyo mfuti imene asilikali a Chipwitikizi ankanyamula pa nkhondo yomenyera ufulu ya 1964 mpaka 1974, ndipo ankaipanga ku Braço de Prata ku Lisbon mwa chilolezo cha kampani ya ku Germany ya Heckler & Koch. Imasiyana ndi Kalashnikov, imene ili pa mbendera yathu, chifukwa Kalashnikov imakankha chotsekera cha kumbuyo kwa mpope wake ndi mpweya wa wonga wodutsa m'kapaipi ka pamwamba pa mpope, pamene G3 ili ndi timagudumu tiwiri tachitsulo timene timachedwetsa chotsekeracho kuti chisabwerere m'mbuyo chipolopolo chisanatuluke. Timagudumuti n'tating'ono kwambiri moti wokhala kumbuyo kwa kalasi sangatione, n'chifukwa chake alangizi ankagwiritsa ntchito zifanizo zokulitsa. Pa changacho kagudumu kamodzi kanasowa, ndipo malo ake anali atafumbwa.

Mmisiriyu sanathamangire tchizulo. Anayamba wakankha ndi kukoka chifanizocho kangapo, khutu lili pafupi, mpaka anamvetsa mmene kagudumu kotsalako kamalowera m'mphako yake. Kenaka anasema kena kuchokera ku chidutswa cha mlombwa, nakapala pang'onopang'ono mpaka kanayamba kuyenda mofanana ndi kanzake. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti anakana kukapaka utoto wotuwa wofanana ndi wakalewo. Anati, "Kasiyeni kaoneke kuti n'katsopano, kuti wodzachilandira m'tsogolo asadzanamizidwe." Wosonkhanitsa zakale aliyense akudziwa kuti amisiri ambiri amafuna kuti chinthu chichoke m'manja mwawo chikunyezimira ngati cha m'sitolo, ndipo potero amafafaniza zipsera zimene zimachitira umboni zaka zake.

Mfuti yamtengo imene anandisiyira amalume anga, yomwe ankagubira nayo ali mnyamata, anaikonza bwino ndithu. Anapha chiswe, natseka mabowo a kuthako kwake ndi utuchi wosakaniza ndi guluu, koma pamene chikhatho cha amalume chinasalalitsa mtengo sanapakhudze ndi sandipepa.

Chachitatu ndicho chinandipweteka. Chinali chifanizo chamtengo cha bomba lokwirira pansi, cha mtundu umene ankayenda nawo m'masukulu ndi m'midzi pochenjeza anthu, dziko lathu lisanalengezedwe mu 2015 kuti lamaliza kuchotsa mabomba otere m'malo onse odziwika. Kwa ife a ku Tete chinthu chimenechi si chachilendo, poti ngakhale kuzungulira damu la Cahora Bassa kunali kotcheredwa. Kunsi kwa chifanizocho kunali mawu a pensulo amene mlangizi wina analemba m'Chipwitikizi. Mnyamata wophunzira ntchito, poona kuti mtengo wauma, anachipaka vanishi mbuye wake atachoka, ndipo mawu aja tsopano akuwerengeka movutikira. Mmisiriyo anavomera kulakwako osabisala kumbuyo kwa mnyamatayo, ndipo ntchito imeneyo sanandilipiritse, koma vanishi akalowa m'thabwa sachoka popanda kutenga zolembazo.

Za nthawi, ananena masabata awiri koma ndinadikira asanu, chifukwa zitseko ndi mabokosi a maliro ndizo zimamudyetsa ndipo zimayamba ndizo. Pa ntchito ziwiri zija ndinalipira mametikali 1,800, mtengo umene ndikuuona woyenera ndikaganizira masiku amene anathera pa kagudumu kamodzi.

Ndidzapitanso kwa iye, ndipo ndikulimbikitsa aphunzitsi anzanga a ku Tsangano ndi Macanga amene akusunga zoterezi kuti amuyese. Koma polemba ntchito, mnyamatayo akhalepo, ndipo mumuuze pamaso pa mbuye wake kuti vanishi, utoto ndi sandipepa zisayandikire chinthu chanu pokhapokha mutavomereza nokha.